Auzeni odzipereka kuti mwana uja adachira

Ngati ndinu mmodzi mwa odzipereka pa zaumoyo, msonkhano wa kumapeto kwa mwezi mukuudziwa bwino. Mwayenda wapansi kuchokera kumudzi kapena kukomboni, mafomu mwawakulunga m'jumbo kuopa mvula, ndipo mwakhala pabenchi pakhonde la kiliniki. Mkulu wa pachipatala atulukira ndi kaundula m'manja n'kuyamba kuwerenga: ana amene abayidwa katemera ndi akutiakuti, amayi amene ayamba sikelo mochedwa ndi akutiakuti, amene asiya kumwa mankhwala ndi akutiakuti. Kenaka akuti mwezi uno sizidayende bwino, tiyeni tilimbikire. Wina atseka ndi pemphero, aliyense kwawo.

Ine misonkhano yotere ndachititsa yambiri, ndipo kwa zaka ndinkakhulupirira kuti utsogoleri ndi umenewo. Amene adandisintha maganizo ndi mayi wina wodzipereka pa kiliniki ina pakati pa minda ya tiyi kuno ku Thyolo. Masana ankathyola tiyi, madzulo ankayendera makomo a anzake m'komboni. Tsiku lina nditangotseka kaundula, adakweza mkono.

"Adokotala, mwana ndidamutumiza kuno sabata yatha ija, wobanika uja, zidatha bwanji?"

Sindidadziwe. Mwanayo tidamutumiza kuchipatala chachikulu usiku womwewo, ndipo m'buku langa adangotsala ngati kachizindikiro kamodzi pamzere wa otumizidwa. Ndidayankha kuti, "Mayi, ndifufuza, ndikuuzani." Sindidafufuze. Patapita miyezi iwiri mayiyo adasiya kubwera kumisonkhano. Titakumana pamsika tsiku lina, ndinkayembekeza kuti adandaula za alawansi kapena za njinga, monga amachitira ambiri. Iye adangoti: "Ntchito yanu ija ili ngati kuponya mwala m'chitsime chakuya. Umadikira kumva kuti chubwi, koma ziii."

Nditafufuza mochedwa choncho, ndidapeza kuti mwanayo adali ndi chibayo, adagonekedwa masiku angapo, ndipo adachira. Mayi uja adapulumutsa moyo wa mwana, koma palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene adamuuza.

Chimene ndikufuna kunena lero n'chakuti aliyense wotsogolera anthu pa ntchito ya zaumoyo ali ndi ngongole kwa anthu akewo, kaya ndi mkulu wa kiliniki, mlangizi wa zaumoyo woyang'anira odzipereka, wapampando wa komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, ngakhale kapitawo wa pa esiteti. Ngongoleyo ndi nkhani. Manambala amapita kumtunda, ku ofesi ya zaumoyo ya boma ndi ku Lilongwe, ndipo ayenera kupita chifukwa popanda iwo mankhwala sangabwere okwanira. Koma kwa munthu amene adagwira ntchitoyo ndi manja ake kuyenera kubwerera nkhani: mwana uja zidamuthera bwanji, bambo adasiya mankhwala uja adabwereranso kapena ayi, mayi woyembekezera mudamukakamiza kupita kuchidikiro uja adabereka bwanji. Sindikunena nthano za Kalulu. Ndikunena zochitika zenizeni, zokhala ndi munthu, vuto, chimene wina adachita, ndi mathero ake.

Kumayiko a kunja nkhaniyi ili pakamwa pa akuluakulu a makampani. Amalipira akatswiri ndalama zankhaninkhani kuti awaphunzitse kulankhula ndi antchito awo pogwiritsa ntchito nkhani m'malo mongowawerengera malamulo ndi ziwerengero, poti aona kuti wantchito amene sakuona kumene thukuta lake likuthera amagwira mwamphwayi, mwinanso amachoka. Zina mwa zimene amaphunzitsanazo ndi malonda chabe. Ndipo kwa ife amene tidakulira pa "padangokhala" ndi "tili tonse", n'zoseketsa ndithu kuti munthu alipire ndalama kuti aphunzire kusimba nkhani. Koma pansi pake pali mfundo imene idayesedwa.

Mu 2007 katswiri wa ku America, Adam Grant, ndi anzake adatulutsa zotsatira za kafukufuku amene adachita pakati pa anthu olembedwa ntchito yoimba mafoni kupempha ndalama zothandizira yunivesite ina. Ntchito yotopetsa imeneyo, tsiku lonse kumangokanidwa. Gawo la ndalamazo linkalipirira ophunzira osowa, koma oimba mafoniwo ophunzirawo sankawaona. Ofufuzawo adabweretsa wophunzira mmodzi wothandizidwa kuti acheze ndi gulu limodzi la antchitowo kwa mphindi zochepa chabe, awafotokozere momwe thandizolo lidasinthira moyo wake. Patatha mwezi, a m'gulu limeneli adawonjezera kuposa kawiri nthawi imene ankakhala pafoni, ndipo ndalama zimene ankapeza zidakweranso kuposa kawiri. Amene adangowerenga kalata ya wophunzirayo osakumana naye sadasinthe kwenikweni. Malipiro adali omwewo, bwana yemweyo, foni yomweyo.

Mbali ya kalatayo muigwire. Nkhani yolembedwa papepala siidachite kanthu. Idagwira ntchito ndi nkhani yotuluka m'kamwa mwa mwini wake, maso ndi maso.

Grant yemweyo ndi mnzake David Hofmann adayesanso china pa chipatala china ku America, zotsatira zake n'kutuluka mu 2011. Pamalo ena osambira m'manja adamata chikwangwani chokumbutsa madokotala ndi anamwino kuti kusamba m'manja kumawateteza iwo eni ku matenda. Pamalo ena adamata chonena kuti kumateteza odwala awo. Choyambacho sichidasinthe kanthu. Pachiwiripo sopo ndi mankhwala opaka m'manja zidagwiritsidwa ntchito mowonjezera ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ife a zachipatala timadziona ngati osadwala, koma ukatikumbutsa nkhope ya munthu amene akudalira manja athu, timasuntha.

Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa. Nambala imakuuza kuchuluka, siikuuza kuti zidayamba bwanji, adazindikira ndani, chidatsala pang'ono kulakwika n'chiyani. Nkhani imanyamula zonsezi mwa ndondomeko yake, ndipo mutu wa munthu umasunga bwino zinthu zimene zabwera motsatizana, china chikubala chinzake. Titenge chibayo chomwechi. Pamaphunziro timakuuzani kuti mwana wa miyezi iwiri mpaka chaka chimodzi akamapuma maulendo 50 kapena kuposerapo pa mphindi imodzi, ndiye kuti akupuma mofulumira. Wa chaka chimodzi mpaka zisanu, maulendo 40 kapena kuposerapo. Timakuuzani kuti m'munsi mwa chifuwa mukamalowa m'kati mwana akamakoka mpweya, kapena akamalephera kuyamwa ndi kumwa, akamasanza chilichonse, akakomoka, akalefuka osadzuka, musadikire kuti kuche. Zonsezi mumalemba m'kope, ndipo pakatha miyezi itatu 40 ndi 50 zasokonekera.

Tsono tangoganizani kuti mnzanu waimirira pamsonkhano n'kufotokoza kuti adafika pakhomo madzulo, mayi wa mwana akuti ndi chimfine chabe, agogo akuti tidikire mawa poti abambo ake sadabwere kuntchito. Iye adavula mwanayo malaya, adayatsa tochi ya foni, adawerenga kupuma mpaka mphindi yathunthu, adapeza kuti kwapitirira 50 ndipo nthiti zikuphwa. Adakangana ndi agogowo mwaulemu, adabwereka njinga kwa oyandikana nawo, adafika pa kiliniki mdima utagwa. Kenaka mkulu wa kiliniki awonjezere mathero ake: adalandira jakisoni, adaikidwa pa mpweya kuchipatala chachikulu, lero akusewera. Amene mwamva zimenezi simudzaiwala kuvula mwana malaya, ndipo mwaphunziranso chimene palibe chikwangwani chimaphunzitsa, momwe mungayankhire agogo.

Koma sitifunika kupita ku America kuti tione zimenezi. Thyolo ali ndi mbiri yakeyake. Bungwe la madokotala la MSF lidayamba kugwira ntchito m'boma lino mu 1997, ndipo mu 2003 ma ARV adayamba kuperekedwa pa chipatala cha boma cha Thyolo, chaka chimodzi ndondomeko ya dziko lonse ya mankhwala aulere isadayambe. Madokotala ndi anamwino adali ochepa kwambiri poyerekeza ndi odwala, choncho ntchito idagawidwa: ina kwa ife ma clinical officer, ina kwa anamwino a m'zipatala zing'onozing'ono, ina kwa alangizi a zaumoyo, ina kwa anthu wamba odzipereka, ambiri mwa iwo ali ndi kachilombo ka HIV eni ake. Pofika 2007 boma lino lidali litafikira anthu 8 mwa 10 alionse amene ankafunika mankhwalawa mwamsanga, chinthu chimene ambiri ankati sichingatheke kumudzi.

M'chaka chomwecho cha 2007 Rony Zachariah ndi anzake adatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 1,634 amene adayamba ma ARV kuno ku Thyolo. Mwa amene ankakhala m'madera okhala ndi odzipereka owayendera, 96 mwa 100 alionse adali moyo ndipo ankamwabe mankhwala. M'madera opanda chithandizo chotere adali 76 mwa 100. Kusiyana kumeneku si kwa nkhani zokha ayi. Odziperekawo ankachita zambiri: kulondola amene ajomba, kuzindikira msanga matenda ena, kuphunzitsa achibale osamalira wodwala. Ine nthawi imeneyo ndidali mwana wasukulu. Koma anamwino akale amene adandilandira ntchito ankanena chinthu chimodzi mobwerezabwereza, kuti chimene chinkadzutsa bambo wouma mutu kukayezetsa magazi sichidali chikwangwani. Kudali kuona mnzake amene adamunyamula pamachira chaka chatha, lero ali ndi dengu kumsana m'munda wa tiyi, akunena ndi pakamwa pake kuti ndimamwa mankhwala m'mawa ndi madzulo. Ndipo ankati iwonso anamwinowo, atatopa ndi maliro a tsiku ndi tsiku m'mawodi, mphamvu zawo zidabwerera ataona anthu amene adawalembera kale m'madzi akubwera okha wapansi kudzatenga mankhwala, ali ndi masaya.

Magulu otengerana ma ARV, amene adayambira ku Tete m'dziko la Mozambique mu 2008 n'kufika ku Thyolo mu 2012, ambiri timawaona ngati njira yochepetsera ulendo: anthu mpaka 6 amasinthana, mmodzi amapita kukatengera anzake. N'zoona. Koma amene adakhalapo pa kukumana kwa gulu lotere akudziwa kuti kuwerenga mapiritsi kumatha msanga, nthawi yotsalayo ndi ya kusimbirana: ine chizungulire chidandigwira sabata ziwiri zoyamba kenaka chidatha, ine amuna anga ndidawauza motere.

Atsogoleri a mayiko nawo adaigwiritsapo ntchito njirayi pamene zidafika povuta. Mu 1987 Kenneth Kaunda adauza dziko kuti mwana wake adamwalira ndi Edzi, nthawi imene matendawa ngakhale kuwatchula kudali kovuta. Mu 2004 Bakili Muluzi adanena poyera kuti m'bale wake adapita ndi matenda omwewa, ndipo mu 2005 Nelson Mandela adachita chimodzimodzi za mwana wake. Nkhani zimenezi zidamveka chifukwa zidali zowawa kwa ozinenawo. Apa pali phunziro kwa ife atsogoleri ang'onoang'ono. Nkhani imene imagwira anthu si ija yodzitamandira kuti ine ndidapulumutsa wakuti. Tsiku limene ndidaimirira pamaso pa odzipereka n'kuwauza momwe ndidatayira mnzawo chifukwa cholephera kuimba foni imodzi, ndi tsiku limene adayamba kundiuza zolakwa zawo, zimene kale ankazibisa m'mafomu odzaza bwino.

Tsono pa maesiteti pali china chimene a m'tauni sachidziwa. Tiyi wakhala akulimidwa m'boma lino kwa zaka zopitirira 100, ndipo kaya muli ku Satemwa, ku Makandi, ku Conforzi, ku Naming'omba kapena ku Nchima, kalendala ndi imodzi. Masamba amaphuka kwambiri ndi mvula, kuyambira cha mu December mpaka April, ndipo ndi nthawi imene maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje amalemba anthu ochuluka, ambiri a iwo a nyengo yokha. Miyezi yomweyo ndi ya malungo, kutsegula m'mimba ndi kolera. Ndiye kuti pamene wodzipereka akufunika kwambiri m'makomo, ndi pomwenso makilo akumuitana kumunda. Akafika kunyumba msana uli wowawa, nsima siidaphikidwe, ndipo inu mukufuna atenge kope ayendere makomo khumi. Munthu wotere lamulo silingamudzutse pamphasa, poti simumulipira. Amadzuka akakhala ndi chifukwa, ndipo chifukwacho chimafunika kuchithirira ngati mbande.

A kapitawo, nkhaniyi ikukukhudzaninso. Inu ndi amene mumalola kapena kukana kuti mayi achoke pamzere apite ndi mwana kusikelo, kapena kuti bambo akatenge mankhwala tsiku lake. Kalata yochokera ku ofesi yonena kuti antchito aziloledwa kupita kuchipatala imamatidwa pa bolodi, mvula n'kuifufuta. Ine ndaona kusintha kwenikweni pamene mkulu wina wa pa esiteti adaitana makapitawo ake, n'kupempha mmodzi wa iwo, amene adavomera yekha, kuti afotokoze momwe adabisira chifuwa chachikulu kwa miyezi poopa kuchotsedwa ntchito, mpaka adapatsira mwana wake. Atatha kulankhula panalibe wofunsa kuti lamulo likuti chiyani. Ndipo kwa akuluakulu a maesiteti amene amaganiza za phindu, palibe cholakwika: wothyola tiyi amene walandira mankhwala a malungo tsiku loyamba amabwerera kumunda msanga kuposa amene wapirira mpaka kugwa.

Ndisakunamizeni kuti nkhani ndi chida choyera. Mpeni womwewo umasenda mbatata, umachekanso chala, ndipo ife a kuno tidaziona. Mu September ndi October 2017 mphekesera ya anamapopa idayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka Blantyre. Anthu osachepera 8 adaphedwa powaganizira, bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake ku Mulanje ndi Phalombe, ndipo ogwira ntchito zachipatala ambiri adachita mantha kulowa m'midzi ndi zipangizo zawo. Mphekesera imeneyo idalibe nambala ngakhale imodzi. Idali ndi usiku, mlendo, denga lobooka, ndi mayi woyandikana nanu wolumbira kuti zidamuchitikira iye mwini. Ife tidayankha ndi zikalata zofotokoza kuti n'zosatheka. Mukudziwa amene adamveka. Zidabwereranso nthawi ya Covid-19. Mu May 2021 Unduna wa Zaumoyo udawotcha katemera wa AstraZeneca wokwana 19,610 amene masiku ake adatha. Adafika m'dziko muno atatsala pang'ono kutha mphamvu, inde, komanso anthu ambiri adali atamva kale za msuweni wa mnzawo amene akuti adabayitsa n'kuuma mkono.

Ena akamva zimenezi amati ndiye tisiye nkhani, tizingonena sayansi. Ine ndikuti ayi. Pamene ife tatseka pakamwa, malowo sakhala opanda kanthu. Wina amasimba yake. Chofunika n'chakuti yathu ikhale yoona, ndipo pamenepa ndi pamene pali mayesero aakulu. Nkhani ikamakoma, lilime limafuna kuthira mchere. Mwana amene adagonekedwa masiku atatu asanduka amene adatsala pang'ono kuikidwa m'manda. Musatero. M'komboni anthu amadziwana, ndipo tsiku limene adzazindikire kuti mudakokomeza, adzakayikiranso zimene mudanena za katemera. Komanso nkhani imodzi si umboni wakuti mankhwala amagwira ntchito. Wogulitsa mankhwala osadziwika m'basi nayenso ali ndi nkhani ya agogo amene adachira shuga. Kusiyana kwake n'kwakuti yathu iyenera kuima pa zimene zidayesedwa kale pa anthu ambirimbiri. Nkhani ndi ngolo, katundu wake ndi choonadi chimene chili m'mabuku a zachipatala. Mukaona kuti nkhani yanu ikutsutsana ndi zimene mudaphunzitsidwa, funsani kuchipatala musadaifalitse.

Chachiwiri chimene chimandidetsa nkhawa kuposa bodza ndi chinsinsi. Nkhani ya wodwala ndi ya wodwalayo. Lamulo la dziko lino la HIV ndi Edzi la 2018 limateteza chinsinsi cha munthu pa za momwe magazi ake alili, koma ngakhale pa matenda ena mwambo wa chipatala ndi womwewo. Ambiri amaganiza kuti akachotsa dzina ndiye kuti abisa. Ku Blantyre mwina. Pa esiteti mukangoti "mayi wina wa mapasa wa nyumba za kumtunda kwa damu", aliyense wamudziwa, ndipo pofika mawa nkhaniyo ili kwa apongozi ake ndi kwa amene amalemba anthu ntchito nyengo ikubwerayo. Kwa wantchito wa nyengo, mbiri yakuti ndi wodwaladwala ingathe kumudyera ntchito. Choncho pemphani chilolezo, mufotokoze kuti mukanena kuti ndi kwa yani, ndipo akakana musanyinyirike. Samalaninso ndi "inde" wa mwamantha. Munthu akafunsidwa ndi adokotala amene amamupatsa mankhwala, kapena ndi bwana wake, amavomera pakamwa mtima ukukana. Ndi bwino amufunse mnzake wofanana naye, ndipo apatsidwe masiku oti aganize. Akafuna kudzanena yekha, ndiye bwino koposa, monga tidaonera kwa wophunzira uja.

Nkhani za imfa nazo zili ndi malo ake, koma zisasanduke chikwapu. Ndamvapo atsogoleri akusimba za mwana amene adamwalira ndi cholinga chochititsa manyazi wodzipereka wa dera limenelo pamaso pa anzake. Zotsatira zake, mwezi wotsatira imfa zimabisidwa. Ngati mwana watisiya, tisimbe kuti tione pamene unyolo udaduka: panalibe njinga, mlatho udakokoloka, kiliniki idali yotseka, kapena ife a kuchipatala tidachedwa kumuona. Kawirikawiri mukailondola bwino, nkhaniyo imathera pakhomo pathu, osati pa wodzipereka.

Ndikudziwa chimene ena mwa inu mukunena mumtima: adokotala, nkhani sidyedwa. Mukunena zoona, ndipo ndikufuna atsogoleri amve bwino pamenepa. Wodzipereka amene alibe sopo, alibe jombo za mvula, njinga yake idathyoka chaka chatha, klorini adatha, mapaketi a Thanzi kulibe, ndipo alawansi ya maphunziro a mwezi wa June sadailandirebe, ameneyo mukamubweretsera nkhani yokoma m'malo mwa zinthuzi mukumunyoza. Pa mliri wa kolera umene udayamba mu March 2022 n'kupha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, palibe nkhani imene ikadatsuka madzi a pachitsime. Mtsogoleri amene amagwiritsa ntchito mawu okoma kuti anthu aiwale zimene akuyenera kulandira, anthu amamuzindikira msanga, ndipo amaipitsira njirayi ena onse. Koma taonani mbali inayi. Nkhani zomwezi ndi zimene zingakuthandizeni kupeza njingayo. Lipoti lonena kuti pakufunika njinga zinayi limagona m'kabati. Mukapita kwa akuluakulu a esiteti kapena ku komiti ya chitukuko ya dera ndi wodzipereka amene adabereka mwana wa eni kumsana makilomita angapo usiku, iye n'kufotokoza yekha, mwayi wanu ndi wina. Ndiye kuti nkhani ziyenera kuyenda mbali zonse ziwiri, kutsika kwa ogwira ntchito ndi kukwera kwa ogwira chikwama.

Kuchita kwake sikulira ndalama zambiri. Ine masiku ano kaundula ndimamutsegula pambuyo. Mphindi khumi zoyamba za msonkhano ndi za munthu mmodzi amene adatumizidwa mwezi umenewo, ndipo woyamba kulankhula ndi amene adamupeza, ine ndimangomalizitsa ndi zimene zidachitika kuchipatala. Kuti ndikhale ndi mathero amenewo, wodwala aliyense wotumizidwa ndimalemba pambali pake amene adamutumiza, ndipo Lachisanu ndimaimba foni kuwodi kapena kuyang'ana m'buku lake la kuchipatala akabwera. Mayunitsi ake ndi ochepa kuposa mtengo wophunzitsa wodzipereka watsopano. Sindisankha aluso lolankhula okhaokha. Amene amachita chibwibwi, amene amayamba ndi mathero n'kubwerera kumayambiriro, amene amasakaniza Chilomwe, nkhani zawo nthawi zambiri ndi zimene anzawo amazikhulupirira. Ndipo miyezi ina nkhani yake siikoma: tidachita zonse, munthuyo adapita. Imeneyonso timaisimba, chifukwa anthu akuluakulu safuna kunyengereredwa ngati ana. Manambala akabwera pambuyo pake amamveka mwina. Ndikati ana asanu sadabwere kudzalandira katemera wachiwiri wa chikuku, wa pa miyezi 15 uja, anthu sakuonanso 5 wa pa bolodi, ayamba kale kutchulirana makomo.

Makolo, inunso muli ndi gawo, ndipo mwina lanu ndi lalikulu kuposa langa. Munthu amene adagogoda pakhomo panu kukukumbutsani za sikelo, amene adakuuzani kuti chimfine ichi si chimfine, amene mudamukalipira kuti akulowerera za m'banja mwanu, salandira malipiro. Mwana akachira, mumathokoza Mulungu, mumathokoza adokotala, mwina mumapita ndi nkhuku kwa abusa. Pitaninso kwa iyeyo. Simufunika kunyamula kanthu. Mutengeni mwanayo, akamuone akuyenda, mumuuze momwe zidayendera kuchipatala kuyambira pamene mudasiyana. Ngati mungathe, kanenenso pamsonkhano wa mfumu kapena ku gulu la amayi, kuti mnzanu amene akuzengereza amve kwa inu osati kwa ife ovala zoyera.

Mayi wa chitsime chakuya uja ndidapita kukamuuza kwawo, patatha pafupifupi theka la chaka. Adandiyalira mphasa, adamvetsera mpaka kumapeto, adafunsa ngati mwanayo adanenepa. Kenaka adati, "Zikomo adokotala, koma mukadanena nthawi ija." Pa ntchitoyo sadabwererenso, ndipo makomo amene ankayendera adakhala opanda wowayendera mpaka mvula ina itagwa.